Chifuwa cha Bambo a Damhee

Malamulo a chiyankhulo Damhee ankawadziwa onse. Vuto lake linali chifuwa cha anthu ena. Pa mayeso oyeserera, mnyamata wokhala kumbuyo kwake anatsokomola, n'kuyamba kugwedeza mwendo, ndipo chimangirizo chonse chinamuthawa Damhee m'mutu. Anapereka pepala lolembedwa theka. Zikadzachitikanso pa mayeso enieni, ndiye kuti ku yunivesite ku Seoul sadzapondako.

Choncho Lamlungu lililonse m'mawa, pa nthawi imene mayeso amayamba, pabalaza pawo mumzinda wa Daejeon pankasanduka chipinda cha mayeso. Mayi ake ankayang'anira, wotchi yakukhitchini ili m'manja. Bambo ake anapatsidwa ntchito yosokoneza.

"Bambo a Damhee, kutsokomola kwake kumeneko? Ngati mphaka!" anatero mayiwo. "Ana a masiku ano amatsokomola ngati thirakitala."

"Inu yang'anani wotchi yanuyo. Ndinasuta fodya unyamata wanga wonse ine, musandiphunzitse kutsokomola."

Milungu yoyambirira Damhee ankangosiya cholembera n'kuluma mlomo, misozi ili lengelenge. Bambowo anafuna kuleka, ati akumuzunza mwana. Koma Damhee, maso ali patebulo, anayankhula motsitsa: "Pitirizani, bambo. Muwonjezerenso."

Lamlungu lomaliza bambowo anadzipereka. Anamina, anagunda tebulo ndi bondo, anagwetsa thumba la zolembera, anatsokomola mpaka chifuwa chabodzacho chinasanduka chenicheni. Anatsamwa, nkhope ili psuu. Mayiwo anathamangira madzi kukhitchini, n'kubwera kudzawamenya kumsana.

Damhee sanamve kalikonse. Anali pa ndime yomaliza papepala logawidwa m'timabokosi, kabokosi kalikonse kakulandira chilembo chake. Anaika mpumiro, n'kusiya cholembera wotchi isanalire. Atadzutsa mutu anapeza bambo ake ali gada pansi, akupumira m'mwamba.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa.

"Bambo ako anatsala pang'ono kufa," anatero mayi ake. "Iwe osacheuka n'komwe!"

Bambowo anadzuka pang'onopang'ono, natenga pepala lija. Analitembenuza. Linali lodzaza mpaka mzere wotsiriza. Analigwira ndi manja awiri kwa kanthawi, ndipo poyankhula mawu awo anali atasasa.

"Mwaona, mayi a Damhee? Ine kumafa apa, mwana wanga osacheuka." Anapukuta m'maso ndi chikhato. "Tawaimbirani achemwali anu aja, amene amatitopetsa ndi za mwana wawo wanzeru. Muwauze zimenezi."