Miyezi Inayi ya Zowiritsa

Amayi atawachotsa thumba la ndulu, khitchini inakhala yanga. Botolo la mafuta ophikira ndinalibisa pansi pa sinki, kuseri kwa ndowa. Ndinkaopa kuti dontho limodzi lokha lingawabwezere kuchipatala, choncho zonse ndinkangowiritsa. Piritsi lawo la vitamini D ndinkawapatsa m'mamawa ndi madzi, asanadye kanthu.

Bala linapola, koma patatha miyezi inayi mafupa anayamba kuwaphwanya. Amayi ndi telala. Phazi lawo linkakanika kupalasa makina osokera, ndipo nsalu za anthu zinangounjikana pampando.

Kuchipatala namwino anawerenga zotsatira za magazi, kenako anayang'ana ine.

"Vitaminiyu akadali wochepa. Amamwa bwanji?"

Ndinafotokoza maso ali pansi.

"Nanga mafuta mumadya, mayi?"

"Funsani wapolisi wangayu," anatero amayi. "Ngakhale fungo lake ndinaliiwala."

Namwino anaseka pang'ono n'kukokera mpando pafupi ndi ine.

"Tamvera, mwanawe. Chinachotsedwa ndi thumba lokha. Chiwindi chikupangabe ndulu, ndipo imadonthera m'matumbo pang'onopang'ono. Imagwira ntchito ngati sopo pa mbale ya mafuta: imawaphwanya kuti matumbo athe kuyamwa. Vitaminiyu amalowa m'thupi limodzi ndi mafutawo. Akasowa, wambiri amangodutsa."

Miyezi yonseyi, wolakwa ndinali ine.

"Usachulutse," anapitiriza namwino. "Mafuta pang'ono m'chakudya, piritsi amwere pomwepo. Mafupa sachedwa kuthokoza, phazilo libwerera pamakina."

Tinanyamuka kubwerera kunyumba. Amayi ankayenda atagwira phewa langa, ndipo tinkapuma pafupifupi pa polo iliyonse ya magetsi.

"Ukuliranji iwe?" anandifunsa.

"Ndakudwalitsani, amayi."

"Ndi masamba owiritsa? Ukudzitama."

Ndinayesa kuseka koma zinakanika. Amayi anaima, n'kundipukuta tsaya ndi chala chawo chachikulu, chokhakhala chifukwa cha singano.

"Ukuyesa sindinkaona? Palibe anakuletsa mafuta iweyo, koma unkadya zomwezo, mbale imodzi ndi ine. Taona siketi yakoyi, ikuchita kuzungulira m'chiuno."

Tinali titafika pakhomo pa golosale. Anakhala pa benchi ya panja n'kutambasula miyendo pang'onopang'ono.

"Lowa ukagule mazira atatu. Limodzi langa, awiri ako. Ndipo lero ukazinge."