Mzere wa Choko pa Bushi

Galimoto ya a Gertrude a ku Nyambadwe itabwerera kachitatu m'miyezi iwiri, aliyense pagalaja ya a Mathias ku Limbe anadziwiratu amene achotsedwe ntchito. Anali Dailesi, mtsikana wa ku Nsanje amene anali akadali pa miyezi yoyesedwa.

Vuto linali lomwe lija. Galimoto ikangoponda bampu, kutsogolo kumamveka gugudu gugudu, chiwongolero n'kumakokera kumanzere. Ulendo woyamba anasintha mashoko ndi mabushi, timphira timene timakhala pamene mkono wogwira tayala umalumikizana ndi thupi la galimoto, kuti zitsulo zisamagundane. Ulendo wachiwiri anasinthanso mabushi. Lero anapezeka atang'ambikanso ngati masilipasi akale, ndipo amene anawalowetsa maulendo onse awiri anali Dailesi.

A January, makaniko wamkulu amene anagwira sipanala zaka makumi atatu, sanachedwe kugamula mlandu. Anati manja a mwanayu ngofewa, bola akagulitse zitenje mumsika. A Gertrude anali ataima poteropo, nkhope ili ndwii, akunena kuti akatenga galimoto yawo sadzapondanso pamalopo. Basi a Mathias anaitanira Dailesi pambali n'kumuuza mosapita m'mbali kuti Lachisanu likhala tsiku lake lomaliza.

Zinamupweteka mtsikanayo, osati pang'ono. Mabushi ankalowetsa bwino, zimenezo analibe nazo chikaiko. Koma womanga mabawuti omaliza anali a January, ndipo chizolowezi chawo chinali chakuti, poti pagalajapo panalibe dzenje lolowera kunsi kwa galimoto, ankamangiratu zonse galimoto ili m'mwamba pa majeke, matayala akulendewera. Ankati ndi mmene munthu amakwanira bwino kunsi. Dailesi anakayikirapo kale zimenezi, koma iwe wobwera dzulo ungawauze chiyani akuluakulu ngati amenewo?

Lero analibe choopanso. Anapempha a Mathias ola limodzi lokha. Analowetsa bushi yatsopano, n'kupempha a January mwaulemu kuti amange monga amamangira masiku onse. Mkuluyo anamanga uku akuseka, mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Kenako Dailesi anatenga choko n'kujambula mzere wowongoka pamphirayo, kuchokera kuchitsulo chakunja kufika pakati. Anayala matabwa okhuthala pansi pa matayala kuti kunsi kutsale mpata, n'kutsitsa majeke.

Galimoto itakhazikika, anawaitana kuti adzaone. Mzere uja unali utapindika ngati chikwakwa.

"Onani bwana," anatero kwa a Mathias. "Galimoto sinayende n'komwe, koma mphira yapotoka kale. Tikamanga matayala akulendewera, bushi imagwidwa pamalo olakwika. Galimoto ikatsika, kulemera kwake kumaipotokola, ndiye ikakumana ndi maenje a m'tauni muno imangomalizika."

A Gertrude, ndi diresi yawo yakuofesi, anagwada pakatoni n'kuunika ndi foni. Dailesi analowa kunsi n'kumasula bawuti pang'ono. Mphira inabwerera yokha, mzere n'kuwongoka onse akuona. Apo m'pamene anamanganso, galimoto itaima pa matayala ake, n'kuchita chimodzimodzi mbali inayo.

A January nawo anasuzumira kunsiko. Manyazi anawagwira zedi, poti zaka zonsezi ankanyoza masitolo kuti amagulitsa mabushi achinyengo. Paja akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Anakayesa galimoto pamsewu wafumbi wolowera ku Nancholi, a Gertrude akuyendetsa okha ndipo akulondola dala maenje. Kutsogolo kunali zii. Dailesi, ali kumpando wakumbuyo ndi ovolosi yake yamafuta, anamwetulira ndi chimwemwe. Pobwerera a Gertrude anauza a Mathias kuti kuyambira lero galimoto yawo aziigwira mtsikanayu basi, ndipo akachoka amulondola komwe apite. A Mathias anaseka chiseko chamanyazi n'kumuuza Dailesi kuti za Lachisanu zija aiwale, mawa abwere asainirane kalata yantchito yokhazikika.

Pakona panali minibasi ili m'mwamba pa majeke, a January atagwira kale sipanala kuti aimange. Anaima kaye, n'kuikanso sipanalayo pansi.

"Tsitsani iyi," anauza anzawo. "Bweretsani matabwa aja. Amange ndi a Dailesi, ine ndizionerera."