Anati Pitani

Gerson anafika mumzinda wa Tete mvula isanayambe, nyengo imene dzuwa la kumeneko limaotcha ngati munthu unalilakwira. Chinali chaka chimene malasha a ku Moatize anazunguza mitu ya anthu. Magalimoto akuluakulu ankandandalikana pamlatho wa Zambezi kuyambira m'mawa, alendo ankatsika mabasi tsiku ndi tsiku kudzafuna ntchito, ndipo aliyense amene anali ndi nyumba yooneka bwino ankaikamo alendowo, iye n'kukadzipanikiza m'kachipinda kakuseri.

Iyeyu sanabwerere malasha. Anali mwana wa ku Ulongwe, ku Angónia, ndipo anali atatha zaka zisanu ndi zitatu m'maseminale akuphunzira unsembe. Tsopano anamutumiza ku parokiya ina ya mumzindamo kuti akhale pansi pa Padiri Albino, aone ntchito ndi maso. Chimene chinatsala ndi kalata basi. Wofuna udikoni, khwerero lomaliza asanakhale wansembe, amayenera kulemba ndi dzanja lake kwa Ambuye Episkopi kuti akupempha yekha, popanda womukankha. Pepala lake linali pagome m'chipinda mwake, loyera mbee, ndipo fumbi la Tete linali litayamba kale kulilemba m'malo mwake.

Anthu akamva kuti mnyamata wa kuseminale akugwedezeka, amathamangira kufunsa kuti mkaziyo ndani. Kwa Gerson kunalibe mkazi. Sankakayikanso zoti Mulungu alipo. Zikanakhala zimenezo bwenzi zili bwinoko, chifukwa powawa pamadziwika pothira mankhwala. Iye sankamva chilichonse. Ankadzuka nthawi yake, ankagwada nthawi yake, milomo inkawadziwa masalimo, koma m'kati munachita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Tsiku limene zinayamba sankalidziwa. Ankapemphera, n'kudikira, kumwambako kuli zii.

Msuweni wake Luís, amene ankayendetsa galimoto pakampani ina ya kumigodi, anaziona msanga.

"Iwe, nkhope imeneyo ndi ya munthu amene wakhuta sukulu," anatero tsiku lina akumwa zoziziritsa kukhosi pansi pa mtengo. "Kuntchito kwathu kuja akufuna munthu wa mapepala, wodziwa Chipwitikizi cha m'mabuku. Loweruka lomaliza la mwezi uno ndidutsa ndi karo, galimoto ya kampani ija. Ukakhala pamsewu ndi chikwama, ndiima. Ukapanda kukhalapo, ndidutsa."

Gerson sanavomere, sanakanenso.

Sabata yomweyo Padiri Albino ananyamuka kupita ku Beira kumsonkhano wa ansembe wa milungu itatu. Anamusiyira kope la mayina a odwala oyenera kuwapititsira Ukaristia Lachinayi lililonse, ndi kabokosi kamkuwa kozungulira, kokoloweka m'khosi, konyamuliramo mkate wopatulikawo. Mayina analipo asanu ndi limodzi. Lomaliza linali lowonjezera ndi pensulo, mothamanga: Dona Isménia, Canongola, kuseri kwa nyumba yobiriwira.

Apa tinene chinthu chimodzi chokhudza maphunziro a Gerson. Kuseminale kumene anayambira ankalankhula Chipwitikizi chokhachokha, ndipo wogwidwa akulankhula chakwawo ankatsuka mapoto sabata yathunthu. Choncho anagona chipinda chimodzi ndi Anyungwe zaka ndi zaka osatola ngakhale moni wawo. Chilatini ankachidziwa, Chigiriki ankachilawa, mabungwe akale a Mpingo ankawatchula ndi zaka zake. Chinyungwe, chilankhulo cha eni mzinda wa Tete, sanachiphunzire, ndipo popeza chimamveka ngati Chinyanja chotafunira tsaya lina, ankangoti ndikuchimva. Padiri Albino naye ankamulankhula Chichewa chosalala, chifukwa anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Panalibe chomukakamiza kufunsa.

Lachinayi loyamba anayenda bwino nyumba zisanu. Ankagogoda, wachibale n'kutsegula, iye n'kuwerenga pemphero, n'kupereka, n'kutuluka. Ku Canongola anafika dzuwa lili paliwombo. Nyumba yobiriwira anaipeza, mazenera otseka, nsapato zazikulu za kumigodi zili ndandanda pakhonde. Pabwalo panalibe munthu, kupatula mbuzi imene inkatafuna katoni. Kuseri kunali kachipinda ka malata, chitseko chake chotsegula, pakhomo atatchingapo nsalu yofumbutuka.

"Odi!" anatero. Kenaka anawonjezera m'Chipwitikizi, "Kom lisensa. Ndachokera ku parokiya."

M'katimo munamveka kukhosomola, kenaka mawu a mayi wokalamba.

"Pitani."

Gerson anaima kanthawi. Anamuphunzitsa kuti sakramenti silikakamizidwa. Anatembenuka, nabwerera, nakabweza mkatewo m'tchalitchi. M'kope, pafupi ndi dzina lija, analemba liwu limodzi: Akana.

Lachinayi lachiwiri zinali chimodzimodzi. Odi, pitani, n'kubwerera. Koma ali m'njira anadzipeza akuchita chinthu chachilendo: liwu lija ankalibwereza. Zaka zonsezi anthu ankamuuza kuti limba mtima, pirira, Mulungu wakusankha. Amayi ake anali atagula kale nsalu ya tsiku la kudzozedwa kwake. Mayi wosaoneka uyu yekha ndiye ananena zogwirizana ndi zimene zinali m'kati mwake. Sanakhumudwe. Ngati panali chimene anamva, kunali kupepukidwa pang'ono.

Lachinayi lachitatu mawu aja anatuluka iye asanamalize n'komwe kuodira.

"Pitani! Pitani, Baba, pitani!"

Ananjenjemera mawuwo, ngati a munthu wopempha. Kuchokera kuseri kwa nsalu kunabwera fungo la phula la kandulo. Kandulo masanasana, kutentha konseku? Funsolo linamufika ndithu, koma linangodutsa. Akulu anati safunsa anadya phula. Uyu analinunkhiza n'kulisiya. Anati mumtima, katatu konse, ndamva. Atafika kuparokiya anasolola chikwama, napinda mkanjo wake woyera n'kuuika pansi penipeni, pamwamba n'kuikapo malaya ndi mabuku awiri. Anachikankhira kunsi kwa bedi kuti chidikire Loweruka la sabata yotsatira.

Padiri Albino anabwera Lachitatu madzulo. M'mawa mwake, Misa itangotha, pakhomo la ofesi panaima mayi wa zaka ngati makumi anayi, atavala yunifolomu ya ophika, maso ali psuu. Anali Dulce, mwana wa Dona Isménia. Ankaphikira anthu a kumigodi ku Moatize, kunyamuka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo lero anajomba. Sanafune mpando. Analankhula Chipwitikizi, akuyang'ana wansembeyo, ngakhale Gerson anali pomwepo.

"Padiri, amayi anga anakulakwirani chiyani? Zaka makumi anayi sanalandire Ukaristia chifukwa anali mkazi wachiwiri, ndipo sanadandaulepo. Bambo anamwalira, amayi aakulu anamwalira, inu nomwe munawamvetsera kulapa kwawo n'kuwauza kuti njira yatseguka. Anasoketsa diresi yoti adzavale Lamulungu. Loweruka lake n'kugwa, n'kuthyoka m'chiuno. Munati Ambuye adzawapeza kunyumba. Milungu itatu ndakhala ndikuwasambitsa, kuwayalira nsalu yoyera, kuwasiyira kandulo ndi machesi. Iwo amamva mapazi akubwera, amamva odi, amayankha, mapazi aja n'kubwerera. Poyamba ndinkati akulota. Sabata yatha anandiuza kuti, mwanangu, usavutikenso kuyala nsalu. Ambuye amafika pakhomo, akandiona amabwerera."

Padiri Albino anatambasula dzanja, Gerson namupatsa kope. Anawerenga. Akana. Akana. Akana.

"Gerson," anatero m'Chichewa, motsitsa mawu, "ananena kuti chiyani kwenikweni?"

"Anati pitani, Bambo."

Wansembeyo anavula magalasi, napukuta nkhope ndi chikhatho.

"Mwana wanga, kuno kupita ndi kulowa. Mnyungwe akati pitani, ndiye kuti lowani."

Zoterezi anthu amaseka nazo. Padiri Albino mwiniwake anali ndi nthabwala yake ya amayi ake amene, atangofika ku Malawi, ankathamangitsa alendo pofuna kuwalandira. Tsiku limeneli sanainene.

Gerson anadikira kuti china chake chimugwere, manyazi kapena mantha. Anangoona kuti cholembera cha Padiri chatsala pang'ono kugwa pagome, nachikankhira pakati.

"Kuli bwino mupiteko ndinu, Bambo," anatero.

"Ine ndibwera masana ndi mafuta a odwala. Koma mapazi amene akhala akuwamva ndi ako. Nyamuka."

Ananyamuka ndi Dulce. Atafika kuseri kwa nyumba yobiriwira, mayiyo anaima patali, napinda manja. Gerson anayandikira nsalu ija.

"Odi."

Zii.

"Odi, Mayi. Ndachokera ku parokiya."

Palibe anayankha. Malata ankathetheka ndi dzuwa, kumsewu kunkadutsa galimoto yolemera. Kukhala chete kumeneku Gerson ankakudziwa bwino. N'kumene ankakumana nako m'mawa uliwonse akagwada. Anacheuka. Dulce ankangomuyang'ana, ndipo zinaonekeratu kuti samuthandiza. Panalibenso woti amuuze lowa kapena choka. Anagwira nsalu ija, naikweza, nalowa.

Munali motentha ngati mu uvuni. Pafupi ndi mphasa panali kampando, ndipo nsalu yoyera inali ikadalipo, itadontheredwa phula louma la makandulo atatu. Pamsomali panapachikidwa diresi yabuluu, ulusi wa telala ukulendewerabe pamkono. Dona Isménia anali wamng'ono kuposa mawu ake. Anagona chagada, kukamwa kuli yasa, akupuma mokoka.

"Kuyambira dzulo ngakhale madzi sakudutsa," anatero Dulce ali pakhomo.

Gerson ankalidziwa lamulo, ankadziwa ngakhale tsamba lake: wosatha kumeza sapatsidwa. Zaka zisanu ndi zitatu zinamuuza bwinobwino chimene sayenera kuchita, n'kuthera pomwepo. Anagwada. Anavula kabokosi kaja m'khosi, nakaika m'chikhatho cha mayiyo, napinda zala zawo zouma pamwamba pake, n'kuzigwira ndi manja ake onse awiri kuti kasagwe. Mkuwawo unali wofunda ndi thupi lake.

Anafuna kunena kanthu m'chilankhulo chawo, koma liwu limene ankalidziwa linali limodzi lokha.

"Ndapita, Mayi," anatero. "Tapita."

Zikope zinagwedezeka. Zala zija zinachita ngati zafinya, koma sakanalumbira kuti zinali zawo osati zake. Anakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka, Padiri Albino n'kufika ndi mafuta. Misozi anaidikira, sinabwere. Poimirira anachita kugwira khoma, chifukwa miyendo inali itachita dzanzi ndi kugwada.

Lachisanu m'mawa anali m'chipinda mwake, atakhala kutsogolo kwa pepala lija, pamene Padiri Albino anagogoda n'kusuzumira.

"Dulce waimba foni. Mayi Isménia apita."

Gerson anayang'ana pepala, kenaka anayang'ana wansembeyo.

"M'chilankhulo chiti, Bambo?"

Padiri Albino anatsamira chitseko.

"Amene waphunzira zaka zisanu ndi zitatu ndi iwe," anatero. "Maliro ndi mawa m'mawa. Yankho lake ukawauze anthu kumanda."

Mawa lake linali Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo onse awiri ankadziwa chimene chinali kunsi kwa bedi. M'nyumba ya ansembe mulibe chinsinsi cha chikwama. Gerson anafufuza m'kati mwake ngati mwasintha kanthu. Munali chimodzimodzi, dzanzi lomwe lija. Anagwada, nasolola chikwama, natulutsa mabuku awiri, natulutsa malaya, mpaka anafika pamkanjo woyera. Unali utakwinyika kwambiri. Anauyala pabedi.

"Simbi ili kukhitchini," anatero Padiri Albino, akutembenuka kuti azipita.

"Bambo, tadikirani."

Gerson anapukuta fumbi papepala lija ndi mkono wa malaya, natenga cholembera. Pamwamba analemba tsiku ndi dzina la Ambuye Episkopi, monga kalata imayambira. Kenaka anang'amba tsamba m'kope la odwala, naliika pambali pake.

"Iyi ndimaliza ndekha," anatero. "Koma apa mundithandize. M'Chinyungwe amati chiyani, munthu akafuna kunena kuti ndinachedwa?"

Wansembeyo anakoka mpando, nakhala pansi.