Njere za a Elijah

Triza anaima pakati pa dimba atagwira tsinde lopanda kanthu. Anasuzumira kunsi kwa masamba, n'kupita pa tsinde lina, n'kubwereranso. Ayi ndithu, kunalibe. Phwetekere yense wakupsa anali atathyoledwa, ngakhale uja amene bambo ake, a Elijah, anamumanga ulusi pakhosi.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Tadya mbewu."

Zinachitika mmene zimachitikira pamaliro. Anthu anasonkhana kuchokera ku Mavwere konse, ena kudutsa malire, ndipo amayi ophika anafuna zothira mu ndiwo. Ndani amapempha chilolezo m'dimba la malemu? Triza anali m'siwa, mawu atasasa ndi kulira. Za dimba anazikumbukira maliro ataikidwa kale.

Komatu phwetekere ameneyo sanali wamba. A Elijah anali ndi mitundu iwiri imene inkawasowetsa mtendere. Wina wamkulu ngati chibakera, wokoma, koma wa khungu lopyapyala: ukamukweza pa njinga, pofika pa boma ali phala. Wina wamng'ono, wowawasa, wa khungu lolimba, woti matenda a chiwawu ankangomulambalala. A Elijah anafuna kukwatitsa awiriwa. Ankagwada m'mamawa ndi singano, kung'amba duwa lisanamasule, kulichotsa mungu wake n'kulipaka wa linzake, kenako kumanga ulusi. Anthu ankaseka kuti a Elijah ayamba unkhoswe wa maluwa.

Ana oyamba anatuluka ofanana onse. Koma zidzukulu, abale inu! Mzere umodzi, makolo omwewo, koma wina wozungulira, wina wautali, wina wachikasu, wina masamba ngati a mbatatesi. Triza ankangogwira pakamwa. Chovuta chinali chakuti kukula ndi khungu lopyapyala zinkayendera limodzi ngati mapasa. Zaka ndi zaka bambo ake ankasaka tsinde limene mapasawo asiyana, ndipo chaka chino anapezadi angapo. Tsopano mitengo ya phwetekereyo inali ikuuma. Zipatso za ulusi zija zinali zomaliza, zosiyidwa dala kuti zikhwimitse njere, ndipo mbewu yakale yonse anali ataifesa.

Mchimwene wake wamkulu, Vincent, woyendetsa thiraki ya ku Lusaka, anatulukira akusasa udzu pa thalauza.

"Waona wekha, Triza. Palibe chatsala. Aneba athu a Jonasi akufuna dimbali kuti aikepo nazale ya fodya, ndipo ine ndawavomera."

"Achimwene, dothi la pamanda silinaume."

"Ine mawa ndikuwoloka malire, sindingasiye nkhani ili lende. Pakanakhala mbewu ndikanamva. Koma ulima chiyani? Matimati a mdala tadyera nsima tonse, iwenso unadya nawo."

Mawuwo anamulasa Triza chifukwa anali oona. Ananyamuka ndi mkwiyo wake wonse kupita kwa a Benedicta, amene ankatsogolera amayi ophika. Vincent anamutsatira poopa kuti mlongo wakeyo akatukwana akuluakulu.

Anawapeza akutsuka miphika yobwereka kuseri kwa nyumba ya malemu.

"Amayi, munathyoleranji wa ulusi? Simunaone?"

"Tinaona, mwanawe. Tinaona atafika kale m'dengu. Atsikana anathyola ndi misozi m'maso, ukawadzudzula bwanji?" Anapukuta manja pa chitenje. "Tabwerani kuno nonse."

Anawatsogolera kuseri kwa khitchini, kumene denga la udzu limatsika mpaka munthu kuwerama. Triza anakweza maso.

Khoma lonse linali madonthomadontho. Phwetekere aliyense anafinyidwa payekha, njere zake n'kupakidwa pa dothi, ndipo pakati pa dontho lililonse panamatidwa ulusi wake: wofiira, woyera, wakuda, wobiriwira. Njere zinali zitauma, zikunyezimira padzuwa. Ntchito yonse ya bambo ake inali pamenepo, osasakaniza ndi mmodzi yemwe.

"Ambuye wanga," anatero Triza.

"Ndiwo zinachedwa tsiku limenelo," anatero a Benedicta. "Adzukulu okumba manda anatinena zedi. Ife phee, kumangofinya."

"Koma munadziwa bwanji kuti amatero?" anafunsa Vincent, mawu atatsika.

A Benedicta analoza pansi penipeni, pafupi ndi nthaka. Panali dontho limodzi lokhota, louma kuposa enawo, losakhala mu mzere ndi anzake.

"Ilo si lathu. Tsiku lija lomaliza, Triza atathamanga kukaitana ngolo ya kuchipatala, ndinabwera kudzazonda bambo anu. Pamphasa palibe munthu. Ndinawapeza pano akukwawa, phwetekere ali m'manja. Ndinati, 'A Elijah, mukufuna kufera panja?' Iwo kuseka, mpweya ukuvuta. Akuti, 'Uyu ndi wamkulu, koma tamugwireni khungu. Ndiye ndinkamufuna uja.' Kuimirira kunakanika, ndiye anapaka pomwe dzanja linafika."

Vincent anagwada. Pakati pa njerezo panali chidindo cha chala chachikulu, mizere yake ikuoneka bwinobwino m'dothi. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Iye amene sanalire kumanda, misozi inayamba kugwera pa thalauza.

"Triza," anatero osatembenuka, "ukawauze a Jonasi afune dimba lina."

Kenako anavula jekete lake n'kuliyala pansi, m'munsi mwa khomalo, kuti njere ikagwa isagwere m'fumbi.