Mkono wa a Obed pa Mtondo

Amuna anga a Obed anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni nkhondo ya azungu itangotha, ali ndi sutikesi yamalata ndi mkono wakumanja wonga phesi la chimanga. Mwala unawagwera pansi pamgodi, fupa n'kuthyoka. Fupalo linalumikizana bwinobwino m'chikhakha, koma pochotsa chikhakhacho mnofu wonse unali utafota. Munthu amene ankanyamula thumba la mbatata ndi dzanja limodzi, tsopano chikho cha thobwa chinkamugwedezeka ngati wagwidwa malungo.

Kwathu ku Biriwiri iwo anali mkamwini, ndipo ntchito ya mkamwini ndi khasu. Amalume anga a Maliro, eni mbumba, sanachedwe. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti mvula ikagwa munthuyu asanamalize mizere m'munda wa amayi, abwerere kwawo ku Mlangeni, iwo sangadyetse mwamuna wongokhala. Sanaganizeko n'komwe za mwana wathu Selestina, amene anali atangoyamba kuzolowera nkhope ya bambo ake. Mumtima ndinkawira.

Chimene chinkandinyansa kwambiri chinali chifundo cha anthu. Amayi anakoleka mkonowo pansalu ya m'khosi, n'kumawaletsa ngakhale kutola chitsononkho. Azimayi akutchalitchi ankabwera kudzapepesa ngati munthu wafa kale. Eni akewo anazolowera mphasa. Tsiku lina ndikuwadzoza mafuta a nsatsi, anaulula kuti wothandiza dokotala kuchipatala chakumgodi anawauza kuti mnofu ukaugoneka umafota, ukaupatsa ntchito umabwerera. Nditafunsa chimene agonera, anati khasu likuwapulumuka m'manja ndipo akuchita manyazi.

Manyazi! Ndinamasula nsalu ija n'kuiponya padenga. Ndinathira chimanga mumtondo, ndinawaza madzi, n'kuwapatsa munsi.

"Konolani," ndinatero. "Dzanja labwinolo lizikweza, lodwalalo lizitsatira. Potsika munsi umatsika wokha."

Mwamuna wa Chingoni pamtondo! Lisanafike dzuwa pamutu mudzi wonse unali utamva. Amuna anzawo ankadutsa dala pakhomo pathu n'kumafunsa ngati ayambanso kubereka mwana kumsana. Akazi kuchitsime ankati ndawadyetsa mankhwala. Ine ndinkawauza kuti akasamale amuna awo amene anatchona ku Halale osatumiza ngakhale bulangeti. Pakamwa panga pamadziwika, ndipo ambiri anasiya kundipatsa moni.

Mkono umenewo ndinaudziwa kuposa wanga womwe. Akamakweza munsi ndinkaika chala pa katumba wakutsogolo, n'kumva kanthu kakudumpha pansi pakhungu, kofooka ngati kamwana ka mbewa. Akatambasula, wakutsogolo uja ankamasuka, mnofu wakumbuyo ndiwo unkalimba. Ndinaona kuti iwiriyi imalandizana, wina ukamakoka wina umapumula. Zala zinali zovuta, sizinkafumbata. Ndinakawapemphera ntchito yokama ng'ombe kwa aneba, ndipo pokamapo ndinadabwa kuona kuti chimene chimagwedera si zala zokha, koma minofu ya m'munsi mwa chigongono, imene imakoka zalazo ndi mitsempha ngati zingwe. Zinkawapweteka kwambiri. Tsiku lina anaponya munsi pansi n'kunditcha mfiti, misozi ili mbwembwembwe. Ndinautola n'kuwabwezera m'manja, ngakhale nane ndinkafuna kulira.

Pang'ono ndi pang'ono katumba uja anayamba kutumphuka. Khasu linasiya kupulumuka. Koma chaka chimenecho mvula inafulumira, inagwa mizere ili pakati pa munda, yokhotakhota ngati walima woledzera.

Amalume anabwera m'mawa mwake ndi amayi kumbuyo kwawo. Anakhala pachitsa n'kunena kuti mawu awo sabwerera. Ndinawauza kuti aone okha mkonowo, ukukula, chaka chamawa munda wonse utha. Sanauyang'ane n'komwe. Anati nkhani si munda wokha, munthuyu wachititsa manyazi mbumba yonse, anthu akuti kwa a Maliro amuna amasinja.

Pamenepo ndinaima, osagwadanso ayi.

"Munsiwo ndinawapatsa ndine, amalume. Ngati akupita, nanenso ndikupita. Mukuthamangitsa dzanja limodzi lodwala, koma mutaya ndi anga awiriwa. Mundawo muzikalima nokha."

Amayi anagwira pakamwa. Amalume anaseka pang'ono, n'kunena kuti njira ndi iyo, sandimanga chingwe, koma Selestina ndi wa mbumba yawo, atsala. Anauza amayi kuti amutenge mwanayo, amene ankasewera ndi matope pafupi ndi khola.

Mwambo unali kumbali yawo, ndipo ndinkadziwa.

A Obed, amene anali pomwepo, anali asanalankhulepo chiyambire, poti mkamwini satsutsana ndi apongozi. Anadzuka, anadutsa pakati pathu, n'kuwerama pa mwanayo. Dzanja lamanzere analiika kumbuyo. Anamukoleka Selestina ndi mkono wakumanja uja n'kumukweza mpaka pachifuwa. Mkono unkanjenjemera, mitsempha itatupa m'khosi, thukuta lili kamukamu, koma mwana sanagwe.

"Apongozi," anatero, "uwu ndi mkono umene mukuti ndi wakufa. Bwerani mumutenge."

Amalume anayang'ana mkonowo tsopano, nthawi yaitali ndithu. Sanadzuke pachitsa paja. Amayi nawo sanasunthe.

Ndinalowa m'nyumba, ndinamanga mabulangeti ndi miphika, n'kusenza. Munda wa amayi, umene ukanakhala wanga, ndinaudutsa osacheuka, ngakhale unkandiwawa mumtima. Titafika pamtsinje ndinauza a Obed kuti andipatse mwanayo ndimubereke, poti nkhope yawo inali itachita kusintha ndi ululu. Anakana. Anati amutsitsa tikafika poti amalume sangatione.