Mutu Wowawa Lamulungu Lokha

"Ndinu, apongozi! Ndinu mukumupweteka mwana wangayu ndi zophika zanuzi!"

Amayi ananena zimenezi akuloza alamu anga ndi supuni, tili patebulo Lamulungu masana. Achimwene anali atagona pasofa, thaulo lonyowa lili pamphumi, akubuula ngati injini yokana kulira. Alamu anangotola mbale n'kupita kukhitchini, ndipo anatsegula mpopi mwamphamvu kuti tisamve kuti akulira.

Achimwene ndi makaniko. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka amakhala ali gwa, koma chikwatirireni, Lamulungu lililonse masana mutu unkawagwira mpaka maso kufiira. Tsoka lake, alamu amasoka zovala kufakitale sabata yonse, ndiye Lamulungu ndi tsiku lokhalo limene iwo amaphika. Amayi sanavutike n'kufufuza.

Musawayese oipa amayi anga. Paukwati ndi iwo anavina mpaka nsapato kuthyoka chidendene. Kungoti anamva pawailesi zakudya zoyambitsa mutu, ndipo anazisunga pamtima ngati malamulo. Sabata yoyamba analetsa soseji. Yachiwiri tchizi. Kenako chokoleti, kenako timapaketi tokometsera ndiwo, kenako malalanje amene. Tsiku la supunilo tinali titadya mpunga wamadzi ndi mchere basi, koma mutu wa achimwene unabwera ndithu pa nthawi yake.

Lachinayi ndinapeza alamu akupinda zovala n'kumaika m'chikwama.

"Alamu, mukupita kuti?"

"Ndikapumeko kwa achemwali anga. Ndiphika Lamulungu likubwerali, kenako ndinyamuka. Munthu ungakhale bwanji panyumba pomwe manja ako akuoneka ngati poizoni?"

Magazi anga anawira. Loweruka ndinatseka kabenchi kanga kokonzera mafoni n'kulunjika kugaraja kuti ndikawalalatire achimwene chifukwa chokhala chete. Ndinawapeza atakhala pamatayala, ovololo ili mafuta okhaokha, kapu ili m'manja. Ndisanamalize kulalata anali atathiranso ina. Pakona panali ketulo yakuda bii ndi chitini chachikulu cha khofi.

"Imeneyi ndi yachingati?" ndinafunsa.

Mdala wina wowotcherera zitsulo anakweza magalasi ake n'kuseka. "Awa? Zisanu ndi imodzi patsiku, mwanawe. Chibwerereni kuno ketulo yathu sinazizirepo."

Achimwene anayamba ntchito kugaraja imeneyo mwezi womwewo umene anakwatira.

"Iwe, usakawauze amayi," anatero achimwene akuyang'ana uku ndi uku. Amayi analetsa khofi m'nyumba kuyambira pomwe malemu bambo anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo achimwene analumbira pamaso pawo kuti sadzamukhudzanso.

Pa ntchito yanga ndinaphunzira chinthu chimodzi. Foni ikamavuta tsiku limodzi lokha, sumangofunsa chomwe chalowamo. Umafunsanso chomwe chasowa. Ndili m'basi pobwerera ndinawerenga pafoni, ndipo ndinazipeza: munthu wozolowera khofi wambiri akamusiya mwadzidzidzi, mutu umamuwawa.

Lamulungu m'mawa ndinawakokera achimwene kuseri kwa nyumba n'kuwapatsa flasiki ya khofi. "Imwani yonse, musandiyang'ane." Kenako ndinalowa kukhitchini.

"Alamu, lero thiranimo zonse. Soseji, tchizi, timapaketi tija, chilichonse."

"Ukufuna andithamangitse ndi tsache?"

"Si mukupita kale inu? Bola mupite titadya bwino."

Anaseka koyamba pa masabata ambiri.

Amayi ataona mbale anagwira pakamwa. "Mwaganiza zomumaliza lero?" Komabe fungo linawagonjetsa. Anadya soseji zitatu, akung'ung'udza pa iliyonse. Titamaliza anakanyowetsa thaulo n'kukhala nalo pamiyendo, maso ali pa achimwene. Ola limodzi linatha. Lachiwiri linatha. Achimwene anatenga sikuludiraiva n'kuyamba kukonza chitseko cha kabati, akuimba mluzu.

"Sukumva kanthu?" anafunsa amayi.

"Ayi, amayi."

"Ngakhale pang'ono? Kuno kumbaliku?"

Apa m'pamene ndinaika flasiki patebulo n'kuitsegula. Fungo linadzaza chipinda chonse. Ndinafotokoza zonse: ketulo, makapu asanu ndi imodzi, ndi Lamulungu lopanda khofi. Mawu anga ankanjenjemera, chifukwa ine ndikakwiya ndimalankhula ngati wailesi yotha batire.

"Masabata asanu ndi awiri, amayi! Munthu mwamulanda mpaka malalanje!"

Alamu anali ataima pakhomo la kuchipinda, chikwama chili pamapazi awo. Sanayang'ane amayi. Anayang'ana amuna awo.

"Bambo, munkadziwa?"

Achimwene anatembenuza sikuludiraiva m'manja. "Kudziwa kwenikweni ayi. Ndinkangoganizira chabe. Lolemba ndikamwa kapu yoyamba, mutu unkatha."

"Munkaganizira, ine ndikulira kumpopi?"

Amayi anadzuka pang'onopang'ono. Ndinkayesa akukatenga tsache ndithu. Koma anapita pomwe panali chikwama, anachigoneka pansi, n'kuchikhalira ndi thupi lawo lonse mpaka zipi kulira.

"Chikwama ichi sichituluka," anatero. Anagwira dzanja la alamu n'kuliika pachifuwa pawo. "Apongozi, pakamwa pangapa ndi pamene pafunika kuletsedwa, osati tchizi. Mundikhululukire, mwana wanga. Ndipo soseji zatsala zija musapatse munthu."

Alamu anaseka misozi ikutsika, osachotsa dzanja.

Achimwene anaona ngati mvula yakata. Anayamba kusendera kukhomo, akuti akaone ngati geti latsekedwa. Amayi anawaponyera thaulo lonyowa lija, ndipo linawapeza pakhosi penipeni.

"Bwerera, chidakwa cha khofi iwe! Za lumbiro lako tikambirana ine ndi iwe. Koma mkazi wako wakufunsa funso. Iye akulira kumpopi, iwe unali kuti? Khala pansi apa, umuyang'ane kumaso, umuyankhe!"