Chisoti Choyera cha Fanwell

Fanwell Sakala anatuluka mu positi ofesi ya ku Kitwe ngati wadya moto. Kalata m'manja, mano onse panja. Anapatsa moni wapolisi, anapatsa moni mayi wogulitsa mtedza, anagwira chanza ngakhale mzungu wina amene ankangodzipitira ku banki.

Amutenga! Yunivesite yatsopano ya ku Lusaka, imene ngakhale penti inali isanaume, yamutenga iyeyo, mwana wa munthu wofoshola miyala pansi pa mgodi wa Mindolo.

Njinga anaipalasa ngati yakuba. Koma atafika pakati pa njira, miyendo inayamba kulemera, chifukwa kalatayo inali ndi ndime yachiwiri. Ndimeyo inkati popeza sanalembe mayeso a masamu apamwamba, ku uinjiniya kulibe malo ake. Malo alipo ku uphunzitsi.

Nkhani yake inali yotere. Chaka cha ufulu, Fanwell ali Fomu 4, masamu ovutawo ankaphunzitsidwa masana, nthawi yomweyo imene bandi ya sukulu inkakonzekera chikondwerero. Kuno manambala osamveka mutu wake, uko lipenga lonyezimira ndi atsikana osuzumira pampanda. Inu mukanasankha chiyani? Mnyamata anasiya masamuwo mwakachetechete, kunyumba osanena kanthu.

Tsono atate ake, a Evaristo, zaka ziwiri zonsezi anali akulengeza Mindolo yense kuti mwana wawo adzakhala injiniya. Anatenga chisoti chawo chakale cha mu mgodi, nachipaka penti yoyera kuti chifanane ndi cha mabwana, nachipachika pamsomali pafupi ndi chithunzi cha Maria Woyera. Mlendo aliyense ankayamba wachiona chisoticho asanapatsidwe mpando.

Fanwell anafika pakhomo atakonza zoti anene pang'onopang'ono. Aaa, ndi amayi ake, a Emelda, zimenezo? Atangoona envulopu anaponya chitini cha madzi uko, nthungululu lululu! Anthu a mumzere wonse wa nyumba anakhamukira pabwalo. Mayi wa Chibemba woyandikana nawo anamanga nsalu m'chiuno, wina anatulutsa wailesi, wina anayamba kuthamangitsa nkhuku yomwe sinali yake n'komwe. Fanwell naye chimwemwe chinamugwiranso, anavina mpaka nsapato kuvuka, ndime yachiwiri ija ataiiwala.

Cha m'ma folo koloko a Evaristo anatulukira akuchokera ku shifiti, fumbi lili mbuu m'nsidze, akutsokomola monga mwa masiku onse. Atamva nkhaniyo sanasambe n'komwe. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chisoti choyera chija, nachivundikira pamutu pa mwana wawo. Chinatsika mpaka pamphuno. Anthu anagwa nacho chiseko.

"Werenga, injiniya!" anakuwa motero a Evaristo. "Werenga onse amve!"

Fanwell anatambasula kalata ija. Pabwalopo panalibe wina wodziwa Chingelezi, akanatha kulumpha ndimeyo bwinobwino. Koma atayang'ana nkhope ya atate ake, bodza linakana kutuluka. Anavula chisoti.

"Atate, anditenga ndithu. Koma sindikakhala injiniya. Masamu aja ndinawasiya kalekale chifukwa cha lipenga. Akuti ndikaphunzire uphunzitsi."

Wa wailesi uja anaitseka. Nkhuku inapulumuka.



"Uphunzitsi," anatero a Evaristo. "Kodi mphunzitsi amalowa m'keji yotsikira mu mgodi? Amatsikira pansi?"

"Iyayi, atate."

"Ngakhale tsiku limodzi?"

"Ngakhale limodzi."

Bambowo anakhala pansi padothi pomwepo. Mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo Fanwell anachita mantha kuti wawaliza atate ake pamaso pa anthu. Analidi kulira, koma anali kusekanso, zonse pamodzi, chifuwa chikuwadula mawu.

"Zaka twente-thuu ndakhala ndikutsika m'dzenje lija," anatero akupukuta m'maso. "Ndinkaona ngati mwana wa munthu wa pamgodi alibe njira ina, ndiye ndinati bola akatsike ali bwana. Koma chisoti ichi ndinachipaka ndikunjenjemera, mwana wanga. Mwala ukamagwa pansi paja sufunsa kuti chisoti n'chamtundu wanji. Anzanga atatu ndinawanyamula ndi manja awa."

A Emelda anatola chisoticho, nachitembenuza, nachigogoda ndi chala.

"Chabwino ndithu," anatero. "Nkhuku yanga ilibe poikira mazira."

Chiseko chinaphulikanso, wailesi inatsegulidwa. A Evaristo anadzuka, nagwira mwana wawo pamapewa.

"Lipenga lija umabisa kunsi kwa bedi, ukuganiza kuti sindilidziwa? Kalitenge."

"Atate?"

"Kalitenge, aphunzitsi! Ndikufuna ndichimve bwino chinthu chimene chandichotsera mwana kudzenje."

Fanwell analiwomba mpaka masaya kuwawa. Uko kumgodi saireni inalira kuitana a shifiti ina, koma a Evaristo sanaimve. Anali pakati pa bwalo, majombo ali kumapazi, akuvina.